Njinga ya Agogo Inali Yopanda Matayala

Adzukulu anga, inu a kwa Mwase, a ku Boma, a kwa Kapichila ndi midzi yonse ya Lundazi, takhalani pansi pang'ono. Nkhani yanga ikuyambira pa bulangete limodzi.

Anabwera nalo ndi mdzukulu wanga wamkazi amene anapita kukaphunzira ku Morocco. Atalitambasula pamphasa pakhonde, agogo ake aakazi anayamba n'kulinunkhiza, monga amachitira ndi chilichonse cholowa pakhomo pano. Linkanunkha nkhosa ndi kautsi patali. Ndi lolemera, loyera mosawala ngati chambiko, lili ndi mizere yakuda ndi yofiira yopingasa. Atalisisita m'mphepete anaona kuti mbali ina ndi yotambalala kuposa inzake ndi zala ziwiri. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Anakubera iwe mwana. Lokhota ili." Mwanayo anangoseka. Akuti kukhotako ndiye kumene anthu amalipira, chifukwa makina sakhotetsa.

Analigula mumzinda wakale wa Fes, mmene tinjira take ndi topanikiza moti galimoto sililowa, katundu amanyamula ndi abulu. Wamalonda sakufulumiza. Amayamba wakukhazika pansi, n'kukuthirira tiyi wotsekemera wa timasamba tonunkhira, kenako mnyamata wake amayala nsalu imodzi pamwamba pa inzake mpaka maso ako achita chizungulire. Mtengo woyamba umene amatchula ndi wongoyesera mtima wako. Pamenepo mdzukulu wangayo sanavutike, paja anakulira pa mulu wa salaula, kunenerera anayamwira. Chimene anaphunzira kumeneko ndi kutembenuza nsalu. Kutsogolo nsalu iliyonse imakopa, koma kumbuyo n'kumene kumaulula mwini wake: mfundo zosafanana kukula, polumikizira ulusi utatha, pamene utoto wofiira unasintha pang'ono chifukwa mphika wachiwiri sunafanane ndi woyamba. Anaphunziranso kuthothola kaulusi n'kukayatsa. Ubweya wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusanduka phulusa, pomwe ulusi wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma kampira. M'misika ya Fes ndi Marrakech zonyenga ziliponso zambiri. Pali nsalu zonyezimira zimene alendo amauzidwa kuti ndi silika wochokera ku chomera cha m'chipululu, pomwe zambiri ndi ulusi wa m'fakitale.

Owomba mabulangete ndi makapeti enieniwo ambiri ndi amayi a mtundu wa Amazigh, a m'mapiri a Atlas. Nkhosa ndi zawo. Ubweya amachapa okha, kuupesa, kuupota ndi kamtengo kolendewera, ndipo amene akutsatabe njira zakale amaunyika mu utoto wa mizu, masamba ndi makoko a zipatso. Chowombera chawo chimaimirira m'nyumba ngati chimango cha chitseko, ndipo kapeti imodzi yaikulu imatha masabata ambiri, nthawi zina miyezi. Mtsikana amaphunzira atakhala pambali pa mayi ake, poyamba kungopatsira ulusi, kenako kumanga mfundo zam'mphepete. Ku mapiri a Atlas a pakati kuli nsalu ina yotchedwa handira, imene mkwatibwi amafunda popita ku banja, yowombedwa ndi amayi a pabanja pake. Kapeti ya fuko la Beni Ourain, yoyera ya mizere yakuda yopingasana, lero ili m'nyumba za anthu olemera ku Paris ndi New York. Koma musafulumire kuwasirira. Pakati pa mayi wa kuphiri ndi mlendo wa mumzinda pamadutsa manja ambiri, ndipo dzanja limene linagwira ntchito ndilo limalandira zochepa. Mawu amenewa muwasunge, tibwereranso.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkaganiza za agogo anga aamuna, bambo wa mayi anga.

Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1950, kuseri kwa nyumba yawo kunali mitengo itatu kapena inayi ya thonje, yaitali kuposa munthu, yosadzalidwa chaka ndi chaka ngati la masiku ano. Dzuwa likapendeka ankakhala pa chikumba pansi pa nkhokwe, n'kusolola kudenga kamtengo kowongoka ngati muvi. Kumapeto kwake kunali kagudumu kakang'ono koboola pakati. Ankachotsa njere m'thonje ndi zala, imodziimodzi, n'kulimwaza kuti lifewe, kenako ankapukusa kamtengoko pantchafu, iko n'kumazungulira, thonje lija n'kumasanduka ulusi pamaso panga. Chalacho ankachinyowetsa ndi malovu. Ulusiwo ankasokera zigamba ndi kutungira mikanda ya agogo aakazi. Kachipangizo kameneka ankakatcha njinga. Inde, njinga. Dzina limene inu mumaitanira chokwera cha matayala awiri linali kale m'chinenero chathu chokweracho chisanafike, ndipo mpaka lero amayi ena akamagula ulusi wokulungidwa pa kagudumu amati njinga ya ulusi.

Agogowo ankanena kuti bambo awo ankawomba nsalu yeniyeni. Ankakhoma zikhomo pansi pabwalo, kuyala ulusi m'litali, n'kumapisa wina mopingasa atakhala chonjuta, tsiku ndi tsiku, mpaka nsalu yokwana kumanga m'chiuno ituluke. Tsiku lina anandiitana kuti andisonyeze mmene zikhomozo zinkaimira. Anayamba kujambula padothi ndi chala. Ine ndinali nditayamba sukulu, ndili ndi kabudula wa kaki, ndipo ndinkadziona ngati kalaliki wa kwa DC. Ndinati anzanga akundidikira ku mpira. Atamwalira, kagudumu kaja ndinakachotsa n'kukasandutsa tayala la galimoto yanga ya mawaya. Kanatayikira m'chigwa china chakudambo. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndakhala ndikulitafuna zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Musaganize kuti zinali za banja lathu lokha. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu okumba malo a thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda akale a anthu olemera. Pamodzi ndi golide ndi mkuwa panali tizidutswa ta nsalu timene tinasungika chifukwa chokhudzana ndi zibangili zamkuwa, ndipo pamalopo panapezekanso timagudumu topotera ulusi. Apwitikizi a ku Sena ndi ku Tete ankagula nsalu za thonje zowombedwa ndi anthu a m'chigwa cha Shire ndi Zambezi, zotchedwa machira, n'kumakasinthanitsa ndi golide kumadera ena. Machira onyamulira mfumu kapena wodwala aja dzina lawo ndi lomwelo. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anadabwa kuona thonje pafupifupi m'mudzi uliwonse wa Amang'anja, anthu akupota ndi kuwomba. Analemba mitundu imene eni ake ankaisiyanitsa: tonje manga, lochokera kunja, ndi tonje kadja, lakwawo, la ulusi waufupi wokhakhala ngati ubweya, limene ambiri ankalikonda chifukwa nsalu yake inkalimba. Ndipo taonani, anyamata inu: kwathu kuno kuwomba nsalu inali ntchito ya amuna. Amene analibe thonje ankasenda khungwa la mombo, kulinyika, kulimenya ndi chibonga mpaka lifewe, n'kuvala chiwondo. Maliseche sitinkayenda podikira sitima ya azungu.

Nanga chinapha luso limeneli n'chiyani? Zinthu zingapo zinagwera pamodzi. Nkhondo za Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835, ndi malonda a akapolo zinabalalitsa midzi, ndipo munthu wothawa sakhoma zikhomo pabwalo. Amalonda a kunyanja anabweretsa nsalu yoyera ya m'mafakitale a ku America, imene ankaitcha merikani, ndi yakuda ija timati biliwita, zopepuka ndi zotsika mtengo. Kenako boma la kampani ya British South Africa litakhazikika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, linabwera ndi msonkho wolipira ndi ndalama. Ndalama m'mudzi munalibe. Amuna, eni luso aja, ananyamuka wapansi kupita ku Halale, ku Wankie, ku Joni, kenako ku migodi ya kwathu konkuno, ena n'kukhala matchona. Obwerera ankabwera ndi sutikesi ya nsalu za m'sitolo. Ndani akanakhalanso masabata pabwalo chifukwa cha nsalu imodzi yokhakhala? Sindiwaweruza. Koma chomaliza chimene chinadula ulusi si Angoni kapena msonkho. Ndi ana onga ine, amene tinaitanidwa n'kunena kuti tikupita ku mpira.

Tsono taonani pamene tafika. Chigawo chathu cha Kum'mawa ndi chimodzi mwa zolima thonje lambiri mu Zambia, ndipo Lundazi sasowa pa mndandandawo. Mumadziwa nokha ntchito yake. Mbewu ndi mankhwala mumatenga pa ngongole. Mumapalira, mumapatulira, mumabereka chopopera pamsana mpaka mapewa achita dzanzi. Mwezi wa May ndi June banja lonse lili m'munda kutola, zala zitabayidwa ndi makoko ouma. Mumaponda m'masaka, mumapita nalo pa sikelo, amadula ngongole, chotsala n'kukupatsani. Mtengo wake simuuika ndinu, ndipo ngakhale kalaliki wa pa sikelo sauika. Umachokera ku misika ya kutali imene simudzaiona. Amene munali ozindikira mu 2012 mukukumbukira. Chaka cha 2011 kilogalamu inagulidwa cha m'ma K3,200 ya ndalama zakale zija, anthu n'kukuza minda, ena kusiya ndi chimanga chomwe. Chaka chotsatira inagwera pa K1,600. Ndinaona bambo wina wa m'mudzi mwathu atakhala pa saka lake kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osafuna kugulitsa, osatha kubwerera nalo kunyumba.

Likachoka pano thonjelo limapita ku fakitale, makina n'kulekanitsa njere ndi ubweya wake. Pa makilogalamu 10 alionse amene mwagulitsa, ubweyawo umakwana 4 okha kapena kuposerapo pang'ono, chotsalacho ndi njere zoyengera mafuta ndi chakudya cha ng'ombe. Ubweya wambiri umatuluka m'dziko usanapotedwe n'komwe. Kale boma linali ndi kampani yake ya thonje, Lintco, imene inagulitsidwa mu 1994 kwa Lonrho ndi Clark Cotton. Tinali ndi mafakitale a nsalu ku Kafue ndi ku Kabwe. Ya Mulungushi ku Kabwe, imene inamangidwa mothandizana ndi dziko la China, inaima mu 2007 ndipo makina ake anakhala chete zaka zambiri. Lero mlimi wa thonje akalandira ndalama zake amapita pamsika wa pa Boma kukasankha malaya amene munthu wa ku Ulaya anatopa nawo. Sindinyoza salaula, jekete ndavala inoyi ndi ya komweko, ndipo yaveka ana amasiye ambiri amene akanayenda usiwa. Koma pamandiwawa kuti m'nyumba ya mlimi wa thonje mulibe ngakhale kansalu kopukutira m'manja kochokera m'munda mwake.

Mwina mukuti, agogo, zakufa zinafa. Imvani izi. Ku Egypt, m'mudzi wa Harrania pafupi ndi mapiramidi a ku Giza, katswiri wina wa zomangamanga dzina lake Ramses Wissa Wassef anasonkhanitsa ana a alimi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Sanali ana a owomba nsalu. Anawapatsa zowombera zazing'ono ndi ulusi, n'kuwaletsa kukopera chithunzi cha munthu wina kapena kuyamba ajambula papepala, ndipo analetsanso akuluakulu kuwadzudzula. Anawo ankawomba zimene ankaona: abakha, migwalangwa, ngamila, msika wa kwawo. Iye anamwalira mu 1974, koma malowo alipobe, ndipo nsalu za ana aja, amene anakalamba ali pa chowombera, zinafika m'nyumba zosungiramo zaluso ku Ulaya. Ku Burkina Faso, dziko lolima thonje ngati lathu, Thomas Sankara atalamulira kuyambira 1983 mpaka 1987 analimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala nsalu yowombedwa ndi manja kwawo komweko, faso dan fani, ndipo lero amayi ambiri kumeneko amadyera momwemo. Luso limatha kudzukanso ngati pali manja ofuna.

Ndipo manja athu sanaiwale zonse. Amene amaluka lichero amadziwa kale kupisa china pansi, china pamwamba. Woluka mkeka wa mlaza, wosoka mphasa, woluka nkhokwe ndi dengu, onsewa ali ndi nzeru yomweyo m'zala. Ambiri a iwo imvi zili mbuu. Kodi ndani wa inu anakhalapo nawo tsiku lathunthu, osati kudzagula, koma kudzapatsira nsungwi? Yambirani pamenepo, chifukwa mawa mudzawafuna ali kumanda. Foni muli nayo m'thumbayo, imene mumathera mabandulo poonera anthu akuvina, ili ndi mafilimu osonyeza mmene chowombera cha matabwa chimapangidwira. Kalipentala aliyense wa pa Boma amene amatha kukhoma bedi akhoza kuchikhoma. Chosowa ndi munthu wopirira sabata yoyamba, pamene ulusi umangoduka ndipo anzako akudutsa pa njinga yamoto akukuseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma ndisakunamizeni, pakuti mkulu wonamiza ana ndi mfiti. Nsalu ya pamanja sidzapikisana mtengo ndi salaula kapena chitenje cha m'sitolo. Mukawomba kuti mugulitse kwa mnansi wanu amene akuwerengera ndalama ya mchere, mudzalira. Ogula ake ndi ena: alendo obwera kudzaona nyama ku Luangwa, malo ogona alendo, anthu a ku Lusaka ofuna chinthu chimene mnzawo alibe, akwati ofuna mphatso yosatha. Ku Mfuwe kuli Tribal Textiles, imene kuyambira mu 1991 yakhala ikulemba anthu a m'midzi ntchito yojambula nsalu ndi manja, ndipo katundu wake amapita mpaka kunja. Iwo amajambula, sawomba. Ngakhale pano pa Boma alendo amaima kudzajambula Castle ija anamangitsa DC Errol Button cha m'ma 1950, nyumba yotengera za ku Ulaya. Akafunsa kuti cha kuno chenicheni choti anyamule n'chiyani, timawapatsa chiyani? Mtedza ndi uchi, basi.

Apa ndipo ndibwerere kwa mayi wa ku mapiri a Atlas uja. Luso analisunga, koma mtengo anausiya m'manja mwa ena. Inu amene mwapita kusukulu musagwe m'mbuna yomweyo. Lembani m'kope masiku amene nsalu yadya, ulusi umene walowa, utoto, ulendo. Mukapanda kudziwa nokha kuti thukuta lanu ndi la ndalama zingati, wobwera ndi galimoto adzakuuzani, ndipo adzakuuzani mwaulemu kwambiri, akumwetulira. Gwiranani angapo kuti wina akadwala ntchito isaime, ndipo wopita kukagulitsa azibwera ndi malisiti, ngakhale akhale mwana wa malume anu. Ku Morocco komweko magulu ena a amayi ayamba kujambula makapeti awo pa foni n'kugulitsa okha kwa ogula akutali, dzina la wowomba lili pomwepo. Ndiponso musabe. Thonje limene munalima ndi mbewu ya ngongole, bwezani ngongoleyo kaye, musalizembetse usiku. Loyesera luso dzalani mizere yanuyanu iwiri kapena itatu kumapeto kwa munda. Dengu limodzi lokha likukwanirani kuphunzirira miyezi.

Atsikana, musalole wina akuuzeni kuti iyi ndi ntchito ya osaphunzira. Amene anabweretsa bulangete lija ali ndi digiri, ndipo ndiye woyamba kufunsa ngati m'mudzi muno mwatsala munthu wodziwa kupota. Anyamata, musati ndi ya akazi. Agogo a agogo anu akanakusekani.

Funso la mwana uja linandichititsa manyazi, chifukwa yankho lake linali lakuti watsala ndi ine, amene ndinangoonerera. Mwezi wathawu ndinatola phale la mphika wosweka kuseri kwa khitchini, n'kulipala pamwala mpaka likhale lozungulira. Awiri oyamba anasweka poboola. Lachitatu linalola, nditaboola pang'onopang'ono ndi msomali, ndikuthirira madzi. Ndinasema kamtengo ka nsungwi, ndinapempha thonje lodzaza manja awiri kwa mpongozi wanga, n'kukhala pansi pa nkhokwe. Zala zanga zauma ndi nyamakazi. Ulusi unkatuluka pena wonenepa ngati chingwe cha mbuzi, pena wowonda n'kuduka, ndipo agogo anu aakazi anaseka mpaka kutsokomola. Kamdzukulu kanga ka giredi 4 kanali chiimire pambali, kakuyang'ana. Kanati, "Agogo, mukukoka msanga. Dikirani izungulire kaye." Ndinakapatsa. Pofika Loweruka ulusi wake unali utatalika kuchokera pakhonde mpaka pa mtengo wa mango, utaduka kawiri kokha, ndipo tsopano kakundiumiriza kuti ndikumbukire mmene zikhomo zija zinkaimira padothi. Ziwiri zakutsogolo ndazikumbukira.